Zigoba za Anunkhadala

Mutu 6

1. Pakamwa pa Yoswa

Zikanakhala kuti munda amalima ndi pakamwa, Yoswa akanadyetsa mudzi wonse. Mnyamatayu anali mu Fomu 1 pasukulu yoyendera ya kwawo, kumapiri a ku Dzoole, ndipo panalibe phunziro limene linkatha iye osaponyapo kanthabwala. Anzake ankamukondera zomwezo. Aphunzitsi ankangomupirira.

Koma chaka chimenecho kwawo kunalibe choseketsa. Bambo ake, a Malizani, anagwa pangolo akutsetsereka ndi mitengo yomangira chigafa, fupa la mwendo n'kuthyoka. Anakawagoneka kuchipatala cha Mtengowanthenga, mayi ake n'kupita kukawadikirira. Pakhomo panatsala Yoswa, ng'ombe ziwiri za pangolo, ndi nazale ya fodya kudimba.

Nazale imeneyo ndiyo inali chaka chawo chonse. Munali mabedi atatu a mbande zobiriwira bwino, zongodikira mvula kuti ziwokeredwe kumunda. Mbande zikanafa, munda ukanagona. Munda ukanagona, m'chigafa mukanangogona nkhuku, ndipo sukulu ya Yoswa ikanathera pomwepo. Izi Yoswa ankazidziwa bwinobwino, sanali mwana wakhanda.

Tsiku lina m'mawa Madamu Chikadza, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, analowa m'kalasi ndi funso.

"Tonse tikudziwa kuti mbuzi ili ndi mafupa, nkhuku ili ndi mafupa, inu ndi ine tili ndi mafupa. Nanga chiwala? Chili ndi mafupa kapena ayi?"

Aliyense anazyolika ngati yankho lagwera pansi pa desiki. Yoswa anakweza mkono pang'onopang'ono, nkhope ataiumitsa ngati mkulu wa mpingo.

"Madamu, ine ziwala ndadya chibadwire changa, zokazinga ndi zootcha zomwe. Sindinamvepo kuti wina athamangira naye kuchipatala atatsamwidwa ndi fupa la chiwala. Kapena ziwala za kwanu ndi zina?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ena anamenya madesiki, wina kumbuyo mpaka anagwa pabenchi. Madamu Chikadza anadikira kuti phokoso lithe, kenaka anaika choko pathebulo.

"Yoswa, yankho lako likanakhala labwino ukanalekera pakati, chifukwa n'zoona kuti m'kati mwa chiwala mulibe fupa. Koma iwe sunayankhe kuti udziwe, wayankha kuti anzako aseke. Ndikuuze, mwana wanga. Anthu akukusekererawa, tsiku limene zidzakuvute sadzakhalapo, aliyense adzakhala kwawo. Zimene timaphunzira muno sizichokera kutali, ndi zomwe mumaziponda popita kudimba. Iwe ukuona ngati ndikukutayitsa nthawi ndi tizilombo, pomwe tizilombo tomweti ndi timene timalimbirana nanu chakudya chaka ndi chaka. Tenga ndowa ukathirire mitengo ya kuseri kwa ofesi mpaka belu lilire. Phunziro la lero ukalipemphe kwa anzako, ngati pakati pa osekawa pali amene angakukhalire pansi."

Yoswa anatuluka akuyenda monyang'wa, anzake akumutsinzinira maso. Ali pakhomo anamva Madamu akuyamba kuti, "Tsono ngati m'kati mulibe fupa, chimachilimbitsa n'chiyani chiwalachi?" Iye anakoka chitseko. Yankho la funsolo sanalimve, ndipo sanafunse munthu aliyense, tsiku limenelo kapena lotsatira.

2. Mawu a pachulu

Madzulo a tsiku lomwelo anatsikira kudimba kukathirira. Dimbalo linali kutali ndi mudzi, kunsi kwa phiri, kumene kamtsinje kamasunga madzi ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Atatha bedi lachiwiri anaona kuti nsatsi za m'mphepete mwa mpanda zada kunsonga. Anasendera pafupi. Tinali tiziwala ting'onoting'ono, takuda, ta timizere tachikasu, titaunjikana mpaka nthambi kuwerama.

Anakwera pachulu, poti kudimbako foni imagwira pokhapo, n'kuimbira mayi ake pakafoni kamene anamusiyira. Mayiwo atamva nkhaniyo anapereka foni kwa bambo ake.

"Wati takuda ta mizere yachikasu?" anafunsa a Malizani. Mawu awo anali ofooka, koma sanazengereze. "Amenewo ndi anunkhadala, akadali ana. Tchera khutu, Yoswa, chifukwa ine mwendowu wandimanga pano. Pamsinkhu umenewo amakhutira ndi tchire, ndipo amagona mounjikana. Nthawi yothana nawo ndi inoyi, palibenso ina. Mawa ulawire dzuwa lisanatuluke, kudambo kukadali kozizira, iwo asanayambe kudumpha. Utenge ndowa, uthiremo madzi ndi sopo, uitchere kunsi kwa nthambi, uziwagwedezera momwemo. Ogwera pansi uwatole ndi manja. Akununkhitsa, ndikudziwa, dzina limenelo sanapatsidwe mwangozi. Koma fungo limatha, ngakhale litenge masiku. Uchite zimenezi m'mawa uliwonse mpaka pansatsipo pasatsale ndi mmodzi yemwe, ndipo ukatha uziwakwirira m'dzenje. Ukawalekerera akula, akakula abalalika, ndipo akabalalika ngakhale utaitana mudzi wonse simungawatole. Akalowa m'mabedi aja, ife chaka chino tapita. Wandimva?"

"Ndamva, ababa."

"Wamva, kapena wangovomera?"

"Ndamva."

Tisamunamizire mwanayu kuti sanamve. Anamva zonse, ndipo atafika kunyumba anaika ndowa ndi kachidutswa ka sopo pafupi ndi chitseko kuti asaiwale.

3. Botolo ndi tsache

M'mawa analawiradi. Kudambo kunali kozizira, anunkhadala ali phee panthambi monga ananenera bambo ake. Anatchera ndowa n'kugwedeza nthambi yoyamba. Ambiri anagweramo, koma ena anamugwera pamkono, ndipo m'mene ankawasasa, angapo anaphwanyikira pakhungu pake.

Fungo linamulowa m'mphuno mpaka kukhosi. Amene sanalimvepo fungo la nunkhadala asatsutse. Ndi fungo lonyansa, lokakamira, limene ukapita nalo pagulu anthu amayamba kuyang'anana.

Yoswa anaima n'kudzinunkhiza mkono. Anakumbukira Dave, mnzake wa m'kalasi, amene tsiku lina anabwera kusukulu atachokera kotapa manyowa m'khola. Anali Yoswa yemweyu amene anamupatsa dzina loti Kanyimbi, ndipo dzinalo linamumatirira mpaka aphunzitsi ena ankalakwitsa n'kumuitana choncho. Tsono iye, mwini wake wa nthabwala, akalowe m'kalasi akununkha chonchi? Dave akanavina tsiku limenelo.

Anakhuthula ndowa ija, anatsuka mkono ndi mchenga mpaka kufiira, n'kumapita kusukulu. Ntchito yofunika m'mawa wathunthu anaithera panthambi imodzi.

Tsiku lonse m'kalasi anali chete, mpaka anzake anamufunsa ngati akudwala. Iye ankasaka njira yachidule, ndipo munthu akaifuna njira yachidule sachedwa kuipeza. Anakumbukira botolo la mankhwala ophera tizilombo limene bambo ake anatsomeka kudenga la chigafa chaka chatha.

Ataweruka analitsitsa. Munalibe kanthu, munangotsala chinyezi pansi pake. Anathiramo madzi, anakhutchumula, n'kukhuthulira m'ndowa yodzaza, madziwo osasintha n'komwe mtundu. Ndiye anatenga tsache, anatsika kudimba, n'kuwaza nsatsi zonse ataima patali, dzanja lina litatseka mphuno. Anunkhadala ananyowa pang'ono ngati awazidwa ndi mame, basi.

Tsiku lotsatira anathirira mothamanga, nsatsi osaziyang'ana. Anadziuza kuti mankhwala amafuna nthawi. Loweruka linali tsiku lopita kuchipatala ndi ufa ndi nkhuni, choncho anasamba, anavala malaya ake oyera, n'kudzera kudimba dzuwa litakwera kale.

Zimene anaona zinamusangalatsa kwambiri. Gulu lakuda lija kunalibe. M'malo mwake panthambi ndi kunsi kwa masamba panalendewera anunkhadala otuwa, ouma, timiyendo titagwira khungwa. Ena anali mbwee pansi pa nsatsi. Kamphepo kakadutsa ankangogwedezeka ngati mankhusu.

"Afa," anatero Yoswa. "Afa mpaka kuuma. Akuluakuluwa amangokonda kuvutika."

Pakati pa iye ndi nsatsizo panali mapazi ochepa chabe. Akanatambasula dzanja n'kutola mmodzi, nkhani ino ikanathera pano. Akanayang'ana m'maudzu a kuseri kwa mpanda, ikanatheranso pano. Koma anali atasamba, malaya anali oyera, ndipo fungo lija sanalifune. Anakwera njinga n'kumapita akuimba mluzu.

4. Kuchipatala

Anapeza bambo ake ali chigonere, mwendo uli m'chikhakha choyera kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi. Anali ataonda, masaya atalowa. Pambali pa bedi panakhala mayi ake, ndi a Abrahamu, mlongo wawo wa mayiwo, amene anachokera kumapiri a ku Ntchisi kudzazonda matenda. Nawonso anali mlimi wa fodya.

Moni asanathe n'komwe, a Malizani anafunsa. "Za anunkhadala zili pati?"

"Atha, ababa."

"Onse? Msanga chonchi?"

"Onse. Ndachita monga munanenera."

Mawu amenewa anangotuluka okha. Yoswa sanaone ngati ndi bodza lalikulu. Anunkhadala anali atafa, anawaona ndi maso ake. Nanga kuti afa ndi ndowa kapena ndi tsache, zinali ndi kanthu?

A Abrahamu anamugwira dzanja, analitembenuza, n'kulisendeza kumphuno kwawo. "Manja a munthu wotola anunkhadala amanunkhira sopo chonchi?"

"Ndasamba mpaka khungu kusupuka, amalume. Ndimaopa kuti anamwino akamva fungolo andigoneka pambali pa ababa."

Odwala a mabedi oyandikana anaseka. Mayi ake anaseka atagwira pakamwa. Ngakhale a Malizani anaseka, koyamba chigwereni pangolo, mpaka anagwira mwendo chifukwa cha ululu. Pakamwa pa Yoswa panamupulumutsanso, ndipo kukanakhala bwino pakanamukanika tsiku limenelo.

A Abrahamu okha sanaseke. Analisiya dzanja lija n'kumuyang'ana m'maso.

"Mphwanga, ine fodya ndayamba kulima mano onse ali m'kamwa. Kachilombo usamakakhulupirire ndi maso okha. Kamabisala, kamasintha mtundu, lero ukaona kakuda, mawa ukapeza kali ndi mawanga, wosakazindikira. Mlimi amanena kuti chafa akachigwira, akachipsinya, akachikwirira yekha. Ndipo tamvera bwino. Bambo akowa sangathe kukadzionera okha, mayi ako sangawasiye. Mawu ako ndi amene tiyendere tonsefe. Ngati pali pena pakukukayikitsa, nena pompano, palibe akumenye kapena kukukalipira. Ine mawa tikaweruka kutchalitchi ndikwera njinga, tikathane nawo awirife. Kupempha thandizo si manyazi. Koma ukati atha, ife tikagona tulo, ndipo sitifunsanso."

Yoswa anayang'ana bambo ake. Nkhope yowonda ija inali ikumwetulirabe, ikudikira. Kunena zoona tsopano kunali kuulula za botolo, za tsache, ndi za nthambi imodzi ija, pamaso pa wodi yonse imene inali itangomuseka mokondwa.

"Atha, amalume."

"Basi, mwamva alamu," anatero a Malizani, akupumira m'mwamba. "Tsono Yoswa, mbande zija zafika pokhwimitsa. Kuyambira lero usathirirenso. Zimve ludzu, tsinde lilimbe, kuti zikapirire dzuwa la kumunda. Tidzathirira tsiku lozula. Sabata ino kudimba kulibe ntchito, chimene chikanakutengera kumeneko ndi anunkhadala okhawo. Ulimbike sukulu."

A Abrahamu anakanda kumutu. "Ngati zili choncho, alamu, pali nkhani ya bedi lija. Ndinafesa lina lapadera, ndimati ndikusungireni kuopa kuti nazale yanu ivuta poti mwagona muno. Koma Andireya, woyandikana nane munda, zake zinapsa ndi dzuwa, ndipo wandilondola mpaka pakhomo la tchalitchi. Ndimupatse?"

"Mupatseni. Ife tili nazo zokwanira. Mwana wangayu wagwira ntchito ya munthu wamkulu."

Mayi ake anamuperekeza mpaka pachipata, anamugulira nthochi, n'kumusisita paphewa. Pobwerera Yoswa sanaimbe mluzu. Koma atangofika kwawo n'kumva mpira ukulira pabwalo, kakukayika kamene amalume ake anamusiya nako kanamuchoka.

5. Chigoba padesiki

Sabata imeneyo inali yokoma kwa Yoswa. Ankadzuka dzuwa litatuluka, akaweruka ankathera kumpira, phiri lija osalitsikanso. Kangapo konse maganizo anamubwerera oti akangosuzumira kudimbako, koma nthawi zonse pankapezeka chifukwa. Madzulo mitambo inkasonkhana pamwamba pa mapiri a Ntchisi, ndipo m'mudzi anthu ankanola makasu.

Lachisanu Madamu Chikadza analowa m'kalasi atapanira kanthu kotuwa pakati pa zala.

"Tibwereze za sabata yatha, chifukwa ena munali kunja," anatero, osamuyang'ana Yoswa. "Tinati chiwala chilibe mafupa m'kati. Chimene chimachilimbitsa chili kunja, khungu lolimba lija limene timalimva kukhukhuta tikamadya. Timalitcha chigoba. Ife mnofu uli kunja, mafupa m'kati. Tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi, monga chiwala, nyerere, njuchi ndi nankafumbwe, tinasemphana nafe: cholimba kunja, chofewa m'kati. Chigobacho chimateteza thupi, chimasunga madzi kuti kachilombo kasaume ndi dzuwa, ndipo minofu yoyendetsa miyendo imagwira m'kati mwake."

Anapereka kanthu kaja kwa mtsikana wa kutsogolo kuti kazungulire kalasi.

"Koma chigoba chili ndi vuto limodzi. Fupa lanu limakula nanu limodzi, chigoba sichikula. Ndiye chiwala chikanenepa, chovala chake n'kuthina, chimagwira nthambi zolimba, chigoba chimang'ambika pamsana, mwini wake n'kusolokamo. Amatuluka ndi chigoba chatsopano chofewa, chimene chimalimba pakapita kanthawi. Kumeneko ndiko kufundula, ndipo chiwala chimafundula kangapo chisanafike pokula. Chakale chija chimatsala panthambi pomwepo, mutu, miyendo, ngakhale tinyanga, zonse zili m'malo mwake. Ukaonera patali ungalumbire kuti ndi chiwala chakufa. Ichi ndachitola m'dimba mwanga m'mawa uno. Gwirani mumve kupepuka kwake."

Kanthu kaja kanayenda desiki ndi desiki mpaka kanafika kwa Yoswa. Kanali kotuwa, kouma, timiyendo titapindika ngati tikugwirabe khungwa. Pamsana panali mng'alu. Anakatembenuza, anasuzumira m'kati, ndipo munalibe kanthu.

Anakweza mkono, ulendo uno mofulumira.

"Madamu, ndiye mwini wake amakhala kuti ali moyo?"

Kalasi inaphulika ndi chiseko. Anzake anali atazolowera kuti Yoswa akatsegula pakamwa ndiye kuti nthawi yoseka yakwana, ndipo sanadikire kuti amve ngati pali choseketsa. "Wayambapo," anatero Dave kumbuyo.

Madamu Chikadza anatembenuka kuti amukalipire, koma ataona nkhope yake anakweza dzanja kuti kalasi ikhale chete.

"Ali moyo, Yoswa. Wakula, ndipo ali ndi njala kuposa kale. Wafunsiranji?"

Yoswa anaimirira, anasiya chikwama pomwepo, n'kutuluka. Madamu anamuitana kawiri ali pakhonde, koma iye anali atadutsa kale bwalo la mpira.

6. Kudimba

Anathamanga njira yonse, akupunthwa m'miyala, akupemphera pemphero losamveka mutu wake. Ali patali anayang'ana pamene pankaoneka kubiriwira kwa mabedi. Panali dothi.

Mbande zinali zitatha. Panatsala timatsinde tokhatokha, toima mizeremizere ngati zitsotso za machesi, pena kamtsempha ka tsamba kakulendewera. Bedi loyamba, lachiwiri, lachitatu, onse chimodzimodzi. Anunkhadala anali ponseponse, m'mabedi, pampanda, m'maudzu, panjira ya kumtsinje. Sanalinso tiana takuda tija. Anali onenepa, a mawanga owala, akuyenda mosathamanga ngati eni dimba.

Yoswa anapita pansatsi paja. Zotuwa zija zinali zikulendewerabe. Anatambasula dzanja, ntchito imene inamukanika Loweruka, n'kutola chimodzi. Chinaphwanyika pakati pa zala ngati tsamba louma. Chinalibe magazi, chinalibe ngakhale fungo.

Pamenepo anagwada m'bedi n'kuyamba kuwagwira ndi manja. Anawapsinya, anawaponda, anawamenya ndi zikhatho, mpaka manja ananyowa kufika m'zigongono ndipo yunifolomu inathimbirira. Akapha asanu, makumi ankadumphira mbali ina. Bambo ake ananena kuti ngakhale mudzi wonse sungawatole, ndipo tsopano panalibenso choteteza.

Analira mokweza ngati mwana wamng'ono. Kudimbako kunalibe munthu. Onse aja ankamenya madesiki anali m'kalasi, akulemba za chigoba.

Misozi itachepa anakumbukira bedi la amalume ake. Anakwera pachulu n'kuimba foni.

"Amalume, ndine Yoswa. Bedi lija munanena kuchipatala, lilipobe?"

"Kuno mvula yagwa dzana, mphwanga, yokwanira bwino. Andireya anazula zonse, wawokera kale. Bwanji?"

"Palibe. Ndimangofunsa."

"Yoswa, mawu ako akumveka bwanji? Kwagwanji kumeneko?"

Anadula foni. Anatsikira kumtsinje n'kutsuka manja ndi mchenga mpaka kutuluka timagazi, koma fungo silinasunthe. Anakhala pamwala nthawi yaitali, osadziwa kolowera. Kusukulu sakanabwerera, ndipo kunyumba kunalibe womufunsa, choncho dzuwa litapendeka anayamba kukwera phiri.

Atayandikira kwawo anaona utsi ukufuka kukhitchini. Anamva mawu a mayi ake akuthamangitsa nkhuku. Anafuna kubwerera, koma anali ataonedwa kale.

A Malizani anali pakhonde, atakhala pampando, mwendo wa chikhakha atausanjika pamtondo, ndodo ziwiri zili pambali. Nkhope yawo inali yowala.

"Bwera kuno, mlimi wanga. Wadabwa? Ndawachonderera adokotala kuti ndikachirire kwathu, ndati mitambo iyi siyondipeza ndili pabedi. Tayang'ana uko." Analoza kumapiri a Ntchisi, kumene kunali kutada bii, mphezi zikung'anima. "Ikagwa usiku uno, mawa m'mawa ukathirire kwambiri mabedi onse kuti tizule. Mayi ako auza kale anthu otithandiza kuwokera. Ine ndizikalamula ndili pangolo."

Anatambasula dzanja. Yoswa anagwada, n'kupereka lake, poti sakanachitira mwina.

A Malizani analigwira mwamphamvu, akumwetulira. Kenaka mphuno yawo inachita ngati yakumana ndi kanthu. Analikokera pafupi dzanja lija, analinunkhiza, anayang'ana zigongono, anayang'ana yunifolomu yothimbirira. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono.

"Yoswa," anatero motsitsa mawu. "Fungo ili si la sabata yatha. Ili ndi la lero."

Yoswa anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, sipanatuluke kanthu.

Mayi ake anatuluka m'khitchini ali ndi chipande m'manja, n'kuima. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pafumbi la pabwalo, akuluakulu, amodziamodzi. M'mudzi monse ana anayamba kukuwa mokondwa.

A Malizani analisiya dzanja lija n'kutola ndodo zawo.

"Kamange ng'ombe pangolo. Ukandionetse mbande zanga."

"Bambo a Yoswa, ndi mwendo umenewu? Ndi mvula iyi?" anatero mayi ake.

"Ndati akamange ng'ombe."

Yoswa anapita kukhola n'kunyamula goli. Kuchokera pakhomo kukafika kudimba ndi ulendo wautali pangolo, ndipo bambo ake anali asanamufunse chimene chachitikira mbande.